Kapitawo si lamulo: zoyenera kupezeka m'buku la ogwira ntchito ya zomangamanga

Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ntchito ya zomangamanga sinaduke m'boma la Mulanje. Milatho imene inakokoloka, midadada ya sukulu, nyumba zimene zinagwa ndi matope ndi miyala yochokera m'phiri, zonsezi zafuna manja. Pa Mulanje Mission penipeni, pamene pali chipatala, koleji ya anamwino, sukulu ndi tchalitchi cha CCAP, ntchito yomanga ndi yokonzanso nyumba sisowa. Anthu ambiri a m'midzi yozungulira, mpaka ku Chisitu ndi ku Chitakale, alowapo ntchito kwa kontilakitala: wina kusakaniza simenti, wina kukankha wilibala, amayi kutunga madzi ndi kusenza mchenga. Mukawafunsa malamulo a ntchito yawo, yankho lake limakhala lakuti akapitawo ndiwo amadziwa.

Pamenepo ndiye pagona vuto. Lamulo likakhala pakamwa pa munthu mmodzi limasintha ndi mmene wadzukira. Lolemba mvula ikagwa amalemba tsiku lonse, Lachinayi ikagwanso amalemba theka. Wochedwa wina amakhululukidwa, wina amauzidwa kuti asadzapondenso. Anthu a kuno akuidziwa ntchito yopanda pepala, poti makolo awo anagwirapo thangata, pamene mwini munda ndiye ankagamula yekha kuti ntchito yakwana kapena ayi. Buku la ogwira ntchito, limene ena amangoti makondishoni, ntchito yake ndi kuchotsa malamulo pakamwa pa kapitawo n'kuwaika pamene bwana ndi wantchito onse awiri angaloze ndi chala.

Kulemba kumeneku si chifundo cha kampani. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, motetezeka, ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la Employment Act la 2000 linatambasula zimenezi. Gawo 27 la lamuloli limakakamiza wolemba ntchito amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo kupatsa wantchito aliyense chikalata usanathe mwezi wake woyamba. M'chikalatamo mukhale dzina la wolemba ndi la wolembedwa, tsiku loyambira, mtundu wa ntchito, malipiro ndi kawerengedwe kake, nthawi yolandirira, maola ogwira ntchito, ndi malamulo a mwambo amene angamulangire. Palibe kampani ingamange mdadada wa sukulu ndi anthu anayi. Choncho buku likhalepo kapena lisakhalepo, chikalata chimenechi ndi chanu. Buku limangosonkhanitsa zimene zikukhudza onse.

Musanatsegule tsamba lililonse gwiritsani ichi: buku la kampani likhoza kuwonjezera pa zimene lamulo la dziko lakupatsani, koma silingachotsepo. Likanena masiku 24 a tchuthi pamene lamulo lati 18, zanu zayenda. Likanena masiku 10, mzere umenewo ndi wakufa, ngakhale munasainira kapena kudinda chala.

Tsamba loyamba linene kuti bwana wanu ndani. Funsoli likuoneka lachibwana, koma pa malo omanga ndi lalikulu. Mwini nyumba akhoza kukhala mpingo, khonsolo kapena bungwe lothandiza. Amene anapambana ntchitoyo ndi kontilakitala wochokera ku Blantyre, ndipo iyeyo wapatsako mmisiri wina ntchito yokhoma denga, winanso yopaka pulasitala, aliyense ndi anyamata ake. Mwezi ukatha ndalama osaoneka, aliyense amaloza mnzake, mapeto ake anthu amakaunjikana pa ofesi ya mwini nyumba amene sanawalembe ntchito. Buku linene dzina lenileni la kampani, kumene kuli ofesi yake, ndi nambala imene inalembetsera ku bungwe loyang'anira makontilakitala, limene anthu analizolowera ndi dzina la NCIC chiyambire lamulo la 1996. Linenenso kuti anyamata a mmisiri wolembedwa ndi kampaniyo amawalipira ndani, ndipo akapanda kulipidwa akadandaule kwa yani.

Lamulo limadziwa mitundu itatu ya mgwirizano: wopanda tsiku lothera, wa nthawi yoikika, ndi wa ntchito imodzi imene ikatha nawonso watha. Ambiri pa zomangamanga amalembedwa pa mitundu iwiri yomalizayi, ndipo palibe cholakwika. Cholakwika chimayamba kampani ikamasainitsa munthu miyezi itatu, ikatha ina itatu, chaka ndi chaka, iye akuyendetsa thiraki yomweyo kapena kusunga katundu yemweyo. Ntchito yotere, imene ndi ya nthawi zonse pa kampaniyo, lamulo limaitenga ngati yopanda tsiku lothera, ngakhale pepala linene zina. Nthawi yoyesedwa nayo ili ndi malire: kwa munthu wa luso singapitirire miyezi 12.

Za maola n'zosavuta kukumbukira. Pa sabata ndi maola 48 osawerengera ovataimu, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi sayenera kupitirira maola 8 pa tsiku. Akagwira masiku asanu ndi limodzi otsatizana apume tsiku lathunthu. Koma aliyense amene anathirapo konkire akudziwa kuti silabu silekezedwa panjira, imathiridwa mpaka ithe ngakhale dzuwa lilowe. Maola owonjezerawo ali ndi mtengo wake. Tiyerekeze kuti ola lanu ndi K600. Ola la ovataimu pa tsiku la ntchito ndi K900, ndiye kuti mtengo wa ola ndi theka lake. Pa tsiku lanu lopuma, kapena pa tchuthi cha boma ngati 6 Julaye, ola lomwelo ndi K1,200. Buku linene amene amavomereza ovataimu ndi amene amailemba, ndiponso kuti wantchito ali ndi ufulu woona zimene zalembedwa pa dzina lake. Inunso gulani kope la mwana wa sukulu muzilembamo tsiku, ola lolowera ndi ola lowerukira. Pa mlandu kope lotere limaposa mboni zitatu zimene zikuopa kuchotsedwa ntchito.

Nkhani ya mvula ndi imene mabuku olembedwa mu ofesi za m'tauni amaiwala, chonsecho kuno ndi imene imayambanitsa anthu kwambiri. Mulanje ndi limodzi la maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo dzinja likatha kumabwera chiperoni, chimene chimatha kusweretsa anthu pansi pa mtengo masiku angapo. Munthu wadzuka m'mamawa, wapalasa njinga kuchokera kutali, wayankha dzina lake, kenaka ntchito yaima. Alipidwa tsiku lonse, theka, kapena abwerera chimanjamanja? Nanga simenti ikatha chifukwa thiraki yafera pa Thyolo, kapena mwini nyumba wachedwa kulipira kontilakitala? Ine ndimaona kuti munthu amene wafika pa ntchito n'kuyankha dzina sayenera kubwerera wopanda kanthu pa chifukwa chimene sichinachokere kwa iye. Kampani ikhoza kuganiza mosiyana, koma chimene yaganizacho ichilembe, anthu alowe ntchito akuchidziwa. Kontilakitala amawerengeratu masiku a mvula popempha nthawi yomalizira ntchito, ndiye sizoona kuti nkhaniyi imamudzidzimutsa.

Malipiro ochepetsetsa amalengezedwa ndi nduna ya zantchito ndipo amasintha. Mu 2021 anali K50,000 pa mwezi, mu Febuluwale 2024 anafika pa K90,000. Buku lanzeru silimata chiwerengero chimodzi, limangolonjeza kuti palibe adzalandire zochepera pa zimene boma lalengeza posachedwa, n'kuika mitengo ya mmisiri, wothandizira ndi mlonda pa pepala lapadera losinthika. Malipiro aliwonse abwere ndi kapepala koonetsa ndalama yonse, zimene zadulidwa ndi chifukwa chake. Pa zodulazi pali chizolowezi chimene chafala ngati kuti n'chololedwa: kudula munthu ndalama chifukwa wachedwa, wayankha mwamwano, kapena waiwala chipewa. Gawo 56 la Employment Act limaletsa wolemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa. Chimene limalola ndi kusamulipira nthawi imene anajomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka, ndi kumudula mtengo wobwezera katundu amene wawononga. Ngakhale pamenepo buku linene amene amafufuza kuti wilibalayo anaithyola ndani, poti wilibala yambiri imafa ndi ukalamba.

Gawo la chitetezo ndilo liyenera kukhala lalitali m'buku lonse. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo woyamba pa wolemba ntchito. Zovala zodzitetezera azipereke iyeyo, mwaulere. Chipewa cholimba, majombo, magolovesi, ovolosi, magalasi a wowotcherera zitsulo, chotchinga mphuno cha wodula mabuloko, zonsezi si mphatso ndipo sizidulidwa pa malipiro. Pakhalenso madzi abwino akumwa, chimbudzi, ndi bokosi la chithandizo choyamba lokhala ndi munthu wodziwa kuligwiritsa ntchito. Antchito akapitirira 50 pakhale komiti yoona za chitetezo.

Komabe mawu akuti tidzasamala chitetezo cha antchito sanapulumutsepo munthu. Buku litchule zoopsa zenizeni za malo omanga a kuno. Nsanja zambiri zimamangidwa ndi mitengo ya bulugamu ndi matabwa ogwiritsidwa kale ntchito, ndiye linene amene amaiyendera nsanja munthu asanakwere, ndi kuti iyenderedwenso mvula ikagwa. Ngalande ya maziko kapena dzenje la chimbudzi m'dothi lonyowa limatha kugumukira wokumba, ndiye linene kuya kumene makoma ake ayenera kuchirikizidwa, ndi kuti munthu asatsale yekha m'dzenjemo. Malata ndi zitsulo zazitali zisanyamulidwe pansi pa mawaya a ESCOM popanda woyang'anira. Ndipo chiyambire 2018, pamene boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo, manja ambiri akugwira simenti tsiku lonse poumba mabuloko. Simenti yonyowa imadya khungu, fumbi lake limalowa m'chifuwa, ndipo woumba mabuloko wovala patapata mudzamuzindikira ndi mapazi ong'ambika.

Pali mzere wina umene ndikanakonda utalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Gawo 57 la Employment Act limati si chifukwa chochotsera kapena kulangira munthu ngati wachoka pa ntchito imene akukhulupirira, pa zifukwa zomveka, kuti ikuika moyo kapena thanzi lake pa ngozi yaikulu. Nsanja ikamagwedera muli ndi ufulu wotsika. Anthu ambiri sadziwa zimenezi, ndipo akapitawo ena amakondwa kuti sadziwa.

Chakudza sichiimba ng'oma, choncho buku linene zochita ngozi ikagwa. Kuno funsoli lili ndi mbali ya ndalama. Chipatala cha Mulanje Mission ndi cha pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM ndipo chithandizo chambiri n'cholipira. Chipatala cha boma chili ku Boma, ndipo wothyoka kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Munthu akagwa pa denga si nthawi yoti anzake azisonkherana ya kabaza kapena kuimbira bwana amene foni yake yazima. Zikhale zolembedwa: wovulala apite chipatala chiti, pa galimoto iti, ndani asainire bilu, ndani akadziwitse abale ake. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati wovulala chifukwa cha ntchito, ali pa ntchito, wolemba ntchito amulipirire chithandizo ndi kumupatsa chipukuta misozi. Wolumala kotheratu amalandira malipiro a miyezi 54, ndipo munthu akamwalira, amene ankadalira iye amalandira a miyezi 42. Wolumala pang'ono, monga woduka chala, amalandira gawo lake malinga ndi mmene dokotala wayezera. Ngozi inenedwe ku ofesi ya leba msanga, poti nthawi yodandaula ili ndi malire. Mukamva kuti inu ndinu waganyu chabe, musagonje pomwepo. Ngati munkagwira ntchito imene kampaniyo imadyerapo, pitani nayo nkhaniyo kwa a leba. Ndipo envelopu ya pepani imene bwana amabweretsa ku chipatala ilandireni ngati mukufuna, koma musasainire pepala lonena kuti nkhani yathera pomwepo.

Udindo suli mbali imodzi. Lamulo lija la chitetezo la 1997 limafuna kuti wantchito adzisamale, asamale anzake, ndipo asawononge zinthu zoikidwira chitetezo. Wopatsidwa majombo n'kukawagulitsa pa msika wa Chitakale waphwanya lamulo. Wokwera nsanja atalawa kachasu akuika pa ngozi ndi amene ali pansi pake. Kuba simenti, dizilo ndi misomali kwagwetsa makontilakitala ang'onoang'ono, ndipo akagwa amagwa ndi malipiro a anthu osalakwa. Buku linene zimenezi mosapsatira, pamodzi ndi chilango chake.

Za tchuthi tingodutsamo. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi masiku 18 pa chaka, wa masiku asanu ali ndi 15. Amene wakwanitsa miyezi 12 akadwala, ndi kalata ya chipatala, ali ndi masabata anayi a malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu a theka. Mayi woyembekezera ali ndi masabata asanu ndi atatu a malipiro onse kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kusintha kwa lamulo kwa 2021 kunapatsanso abambo masabata awiri mwana akabadwa. Kampani ionjezere yokha za maliro, chifukwa palibe Mmalawi angagwire chaka osapempha tsiku la maliro.

Amayi pa malo omanga amapatsidwa ntchito ya madzi ndi mchenga, ndipo amene amalemba mayina m'mawa uliwonse ndi mwamuna mmodzi. Mphamvu yotere ena amaigwiritsa ntchito kufuna thupi la mayi kuti dzina lake lisafufutidwe. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati nkhanza zotere ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka zisanu m'ndende. Buku lisangoletsa, litchule munthu wina wolandira dandaulo amene si kapitawo, makamaka wamkazi, chifukwa dandaulo silingapite kwa yemwe akudandaulidwayo. Ntchito yofanana ilipidwe mofanana. Kuyeza munthu HIV ngati njira yomulembera ntchito n'koletsedwa ndi lamulo la 2018. Mwana wosakwana zaka 14 salembedwa ntchito, ndipo wosakwana 18 sapatsidwa ntchito yoopsa, ngakhale wabwera kudzathandiza amalume ake pa holide.

Tifike pa kuchotsedwa ntchito, pamene milandu yambiri imabadwira. Lamulo limafuna zinthu ziwiri pamodzi: chifukwa chenicheni, ndi mpata woti munthu adziyankhire. Chifukwacho chikhudze khalidwe lake, kutha kwake kugwira ntchito, kapena zosowa za kampani. Zilango zocheperapo ziliponso, monga kalata yochenjeza, kuimitsidwa kwa kanthawi, ndi kutsitsidwa udindo. Zolakwa zina, monga kuba, kukana dala lamulo loyenera, kujomba popanda chifukwa, kapena kudzitcha mmisiri pamene khoma silikuongoka, zikhoza kuchotsetsa munthu popanda notisi. Ngakhale apo ayenera kumvedwa kaye. Choncho buku lilongosole ndondomeko yake: kalata yonena mlandu, nthawi yokonzekera, amene akhale pa bwalo, ngati munthu angabwere ndi mnzake kapena mboni, ndi kumene angachite apilo. Kapitawo amene wakwiya asakhale wodandaula, mboni ndi woweruza nthawi imodzi. Makampani azindikire kuti ndondomekoyi imateteza iwo omwe, chifukwa nkhani ikafika ku khoti amene ayenera kutsimikiza kuti kuchotsako kunali koyenera ndi wolemba ntchito, osati wochotsedwa.

Nyumba iliyonse imatha, ndiye buku linene za tsiku lomaliza. Wolandira pa mwezi, wa mgwirizano wopanda tsiku lothera, apatsidwe notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro ake m'malo mwa notisiyo. Wolandira pa tsiku amene sanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi notisi yake ndi tsiku limodzi, ndipo imatalika zaka zikamachuluka. Ndalama zonse zotsala ziperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri. Wochotsedwa chifukwa kampani yachepetsa antchito, kapena wochotsedwa mopanda chilungamo, ali ndi ndalama yotsanzikira: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, ndipo imakwera zaka zikapitirira. Mgwirizano ukangotha wokha chifukwa nyumba yatha, kawirikawiri ndalama imeneyi sipakhala, ndipo ndi bwino kudziwiratu kusiyana n'kudzakhumudwa. Za penshoni, lamulo limati bwana aziika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito K5. Buku litchule kampani yosunga penshoniyo, ndipo inu muzifunsako, chifukwa alipo olemba ntchito amene amadula koma osatumiza. Pochoka pemphani kalata yoonetsa nthawi imene mwagwira ndi ntchito imene munkachita. Lamulo limakupatsani kalatayi, ndipo kwa mmisiri wophunzirira pamanja, wopanda pepala la TEVETA, imeneyi ndiyo satifiketi yake kwa kontilakitala wotsatira.

Njira yodandaulira isathere pa geti. Buku linene masitepe a m'kati, kenaka livomereze kuti kunja kuli ofesi ya leba ku Boma. Wochotsedwa mopanda chilungamo akadandaule kumeneko pasanathe miyezi itatu, ndipo a leba akalephera kuyanjanitsa, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito, limene kwa anthu a Mulanje lili ku Blantyre. Kudandaula si chifukwa chochotsera munthu, ndipo kulowa bungwe la antchito ndi ufulu wotetezedwa ndi Labour Relations Act ya 1996. Anzathu a m'minda ya tiyi anaonetsa phindu lake mu 2016, pamene bungwe lawo la PAWUM linasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi Tea Association of Malawi. Omanga nawo ali ndi bungwe lawo pansi pa mgwirizano wa mabungwe a antchito wa MCTU, kungoti ntchito ya miyezi yochepa imabalalitsa anthu asanadziwane.

Buku lolembedwa m'Chingerezi chokhachokha n'kutsekeredwa m'kabati ya ku likulu silithandiza wosenza mchenga. Likhale m'Chichewa, liwerengedwe mokweza tsiku loyamba kuti ndi osatha kuwerenga amve, lina lipachikidwe pa chipinda chosungira simenti pamene aliyense amadutsa. Kampani ikafuna kusintha mzere wina idziwitse anthu kaye ndi kulemba tsiku losinthira. Akakupatsani tsamba loti musainire kuti mwawerenga ndipo mwamvetsa, pemphani kupita nalo bukulo kunyumba usiku umodzi, ndipo tsamba limene mwasainalo mulijambule pa foni musanalibweze.